Momwe mlangizi wa zachilengedwe amayendetsera ntchito ya zilolezo za madambo ndi mitsinje ku United States

Ku United States, munthu amene akufuna kumanga nyumba, msewu kapena mlatho, kapenanso kukwirira mapaipi pamalo pamene pali dambo kapena mtsinje, sangangobwera ndi makina n'kuyamba kuthira dothi. Gawo 404 la lamulo la Clean Water Act la mu 1972 limaletsa kuthira dothi, miyala, mchenga kapena matope m'madzi otetezedwa ndi boma lalikulu popanda chilolezo. Chilolezocho chimaperekedwa ndi nthambi ya mainjiniya a asilikali yotchedwa U.S. Army Corps of Engineers, pomwe bungwe loona zachilengedwe la EPA lili ndi mphamvu yoletsa ntchito imene laona kuti iwononga mopitirira muyezo. Lamuloli lili ndi chifukwa chake, popeza zigawo 48 zoyandikana za dzikolo zinataya madambo opitirira theka pakati pa zaka za m'ma 1780 ndi za m'ma 1980, ambiri mwa iwo ataumitsidwa dala kuti asanduke minda. Pakati pa womanga ndi maofesi aboma pamaima mlangizi wa zachilengedwe, ndipo ngati mukufuna kugwira ntchito imeneyi, kayendetsedwe kake ndi aka.

Choyamba, yesetsani kuti muitanidwe msanga, mainjiniya asanajambule pulani. Mlangizi amene wafika pulani itatha kale amangotsala ndi ntchito yopempherera zolakwika zimene zikanapeweka, chifukwa kusuntha msewu papepala lopanda kanthu kumatenga ola limodzi, koma kuusuntha ngalande, mapaipi ndi mitengo ya zipangizo zitawerengedwa kale kumawononga ndalama zambiri ndipo aliyense amakana. Uzani mwini malo momveka bwino kuyambira tsiku loyamba kuti malire a dambo ndiwo ayenera kutsogolera pulani.

Musanapite kumalo, sonkhanitsani zimene zinalembedwa kale. Mapu a National Wetlands Inventory a bungwe la U.S. Fish and Wildlife Service amasonyeza pamene pakuyembekezeka madambo, mapu a dothi a Web Soil Survey a bungwe la boma loona za nthaka la NRCS amatchula mitundu ya dothi imene imasunga madzi, ndipo mapu a USGS, bungwe la boma lojambula mapu, pamodzi ndi miyezo ya LiDAR, yomwe imayeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka pogwiritsa ntchito kuwala kwa leza, amaonetsa zigwa ndi makwawa ang'onoang'ono amene maso sangawaone m'nkhalango yowirira. Yang'ananinso zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba za zaka zosiyanasiyana, popeza zimaulula ngalande zakale, minda imene inasiyidwa ndi malo amene wina anathirapo kale dothi. Zonsezi ndi zokuthandizani kudziwa koyambira basi. Mapu a madambo aja anakonzedwa makamaka kuchokera pa zithunzi za m'mwamba, choncho amaphonya madambo ambiri a pansi pa mitengo, ndipo palibe ofesi ya Corps imene ingawalandire ngati malire enieni. Onaninso mvula imene yagwa m'miyezi itatu yapitayo poyerekeza ndi ya zaka zambiri, chifukwa zimene mudzaone pansi zidzatanthauza zosiyana ngati nyengo yauma kapena yanyowa mopitirira chizolowezi.

Kupeza malire a dambo

Pano ndi pamene pali mtima wa ntchito yonse. Njira yovomerezeka ili m'buku la malangizo la Corps la mu 1987 pamodzi ndi mabuku 10 owonjezera a madera osiyanasiyana, ndipo muyenera kugwiritsa ntchito loyenerana ndi dera limene muli, chifukwa dambo la ku Alaska silioneka ngati la ku Florida. Mfundo yake ndi yakuti, pamalo amene sanasokonezedwe, dambo liyenera kukhala ndi zizindikiro zitatu nthawi imodzi, zomwe ndi zomera zokonda madzi, dothi lopangika m'madzi, ndi umboni wakuti madziwo amakhalapodi. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti malo amene aimapo nsapato zili zouma angakhale dambo, koma muyezo wake sufuna madzi a chaka chonse. Ndi zokwanira kuti madzi asefukire, adikhe kapena akhale pasanapitirire mainchesi 12, omwe ndi masentimita pafupifupi 30, kuchokera pamwamba pa nthaka kwa masiku 14 otsatizana m'nyengo imene zomera zimakula, ndipo izi zizichitika zaka zosachepera 5 pa zaka 10 zilizonse.

Pa zomera, mndandanda wa National Wetland Plant List umaika mtundu uliwonse m'gulu limodzi mwa magulu asanu, kuyambira OBL, zomwe pafupifupi nthawi zonse zimamera m'dambo, kudutsa FACW (kawirikawiri za m'dambo), FAC (za m'dambo ndi kumtunda komwe) ndi FACU (kawirikawiri za kumtunda), mpaka UPL, zomwe ndi za kumtunda. Udzu wa cattail ndi mtengo wa bald cypress ndi OBL, pomwe mtengo wa red maple m'madera ambiri ndi FAC, kutanthauza kuti umamera konsekonse ndipo pawokha sunena zambiri. Pamalo oyesera, gawani zomera m'misinkhu yake, mitengo payokha, zitsamba pazokha, udzu ndi zomera zofewa pazokha, ndiponso zoyanga, kenako yerekezani kukula kwa malo amene mtundu uliwonse waphimba. Mitundu yochuluka imasankhidwa poyambira pa waukulu mpaka itapitirira 50 peresenti ya zonse, n'kuwonjezerapo mtundu wina uliwonse umene pawokha wafika 20 peresenti. Ngati yopitirira theka ya mitundu yochulukayo ndi OBL, FACW kapena FAC, chizindikiro cha zomera chakwanira. Masamu ake ndi osavuta, chovuta ndi kudziwa dzina lenileni la chomera chimene chilibe maluwa, makamaka udzu wa m'gulu la Carex umene mitundu yake ndi yambirimbiri ndipo imafanana. Chimene simukuchidziwa chithyoleni mukachifufuze modekha, chifukwa dzina longoganizira likhoza kusuntha malire.

Dothi ndilo mboni imene ine ndimaidalira kwambiri, chifukwa zomera zikhoza kutchetchedwa ndipo madzi akhoza kuphwa, koma dothi limasunga mbiri ya zaka zambiri. Kumbani dzenje ndi fosholo lakuya mainchesi pafupifupi 20, mutulutse chibuma chathunthu n'kuchinyema ndi manja kuti muone mkati mwake. Dothi likakhala m'madzi nthawi yaitali m'nyengo yofunda, tizilombo tosaoneka ndi maso timamaliza mpweya wa okosijeni n'kuyamba kugwiritsa ntchito ayironi wa m'dothimo, ndipo ayironiyo amasungunuka n'kuyenda ndi madzi. Pamene wachoka pamatsala mtundu wotuwa, ndipo pamene wakumananso ndi mpweya, monga m'mbali mwa mizu ndi m'ming'alu, pamakhala timadontho ta dzimbiri. Mitundu imeneyi imayezedwa ndi buku la mitundu la Munsell, dothi lili lonyowa pang'ono, padzuwa labwino, mutavula magalasi akuda, ndipo dothi lotuwa limene chroma yake, nambala ya m'bukulo yosonyeza mphamvu ya mtundu, ndi 2 kapena kutsika, lokhala ndi timadontho ta dzimbiri pafupi ndi pamwamba, ndi chizindikiro chofala kwambiri. M'malo onyowa kwambiri mudzapeza masamba ndi mizu yosawola bwino itaunjikana n'kupanga dothi lakuda lofewa, ndipo nthawi zina dzenje limatulutsa fungo ngati la dzira lowola, lomwe ndi mpweya wa hydrogen sulfide. Chenjerani ndi dothi lofiira mwachibadwa, la mchenga, ndiponso limene linaumitsidwa ndi ngalande zaka zambiri zapitazo, chifukwa lomalizali limasungabe mtundu wotuwa ngakhale madzi anachoka kalekale. N'chifukwa chake chizindikiro chachitatu chimafunika.

Umboni wa madzi nthawi zina umaonekeratu, monga madzi odikha kapena madzi otuluka m'dzenje limene mwakumba, koma m'chilimwe muyenera kuwerenga zimene madziwo anasiya, monga mizere pa makungwa a mitengo, zinyalala zokodwa m'zitsamba moyang'ana mbali imodzi, matope opyapyala pamasamba, ndi masamba akugwa amene adetsedwa ndi kukhalitsa m'madzi. Mabuku a malangizo aja amagawa zizindikiro za madzi kukhala zazikulu ndi zazing'ono, ndipo chimodzi chachikulu ndi chokwanira, koma zazing'ono zimafunika ziwiri.

Malire amapezeka poyesa malo awiriawiri, amodzi mkati mwa dambo, ena kumtunda pafupi pomwepo, mpaka mutadziwa pamene chizindikiro chimodzi chatherapo. Pamenepo mangani nsalu zamtundu wowala zokhala ndi manambala otsatizana, muzilembe ndi GPS yolondola mosapitirira mita imodzi, ndipo mudzaze fomu ya malo aliwonse muli pomwepo, osadikira kukaikumbukira ku ofesi. Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti amene amakulipirani ndi womanga, ndipo kawirikawiri iye amafuna kuti dambo likhale laling'ono. Padzakhala masiku amene adzakufunsani ngati nsalu inayake singasunthidwe mamita ochepa. Musaisunthe. Ogwira ntchito ku Corps amabwera kudzakumba maenje awoawo pafupi ndi anu, ndipo akapeza kuti malire anu anapanikizidwa dala, amayamba kukayikira lipoti lililonse limene mudzatumize m'tsogolo, zomwe zimachedwetsa onse amene mumawagwirira ntchito. Kukulitsa dambo chifukwa cha mantha nakonso ndi kulakwa, chifukwa kumalanda mwini malo nthaka imene lamulo limamulola kugwiritsa ntchito. Pamene mwakayikadi, lembani kukayikako m'lipoti pamodzi ndi zifukwa zimene mwasankhira mbali imene mwasankha.

Mitsinje

Malire a mtsinje sayezedwa ndi zizindikiro zitatu zija, koma ndi mzere wa pamene madzi amafika mwachizolowezi akadzadza, umene pantchitoyi umatchedwa OHWM. Mzerewu umaoneka pagombe pamene madzi anadula kakhonde, pamene zomera za kumtunda zimalekezera, pamene dothi lasintha maonekedwe, ndiponso pamene zinyalala zimatsakamira. Muyeneranso kunena ngati mtsinjewo umayenda chaka chonse, umayenda nyengo zina zokha pamene madzi a pansi pa nthaka akwera, kapena ndi khwawa longoyenda mvula ikagwa, chifukwa kusiyana kumeneku tsopano kumakhudza kwambiri funso lakuti boma lalikulu lili ndi mphamvu pamenepo kapena ayi. Tembenuzani miyala ya pansi pa mtsinje, chifukwa mphutsi za tizilombo monga mayfly, stonefly ndi caddisfly zimafuna madzi a nthawi yaitali kuti zikule, ndipo kupezeka kwake ndi umboni wamphamvu kuposa madzi amene mwawaona tsiku limodzi. Zigawo zina zili ndi mafomu awoawo opatsira mtsinje mapointi, monga North Carolina, kumene mapointi 19 amasonyeza mtsinje wa nyengo zina ndipo 30 amasonyeza wa chaka chonse.

Kodi madziwa ali m'manja mwa ndani?

Kupeza dambo ndi nkhani ya sayansi, koma kudziwa ngati dambolo likutetezedwa ndi gawo 404 ndi nkhani ya malamulo, ndipo malamulowo asinthasintha. Pa mlandu wa Rapanos mu 2006, oweruza a Khoti Lalikulu la dzikolo anagawanika, ndipo kwa zaka zambiri maofesi ankatsatira maganizo a woweruza Anthony Kennedy akuti dambo limatetezedwa ngati limakhudza kwambiri ubwino wa madzi akuluakulu a kumunsi kwake. Mu May 2023, pa mlandu wa Sackett wokhudza malo a pafupi ndi nyanja ya Priest Lake ku Idaho, khotilo linataya muyezo umenewu n'kugamula kuti dambo liyenera kulumikizana mosadukiza pamwamba pa nthaka ndi madzi okhalitsa amene nawonso ndi otetezedwa. Zotsatira zake n'zakuti madambo ambiri apaokha ndi makwawa ongoyenda ndi mvula anachoka m'manja mwa boma lalikulu. Werengani malangizo amene akugwira ntchito pa nthawi imene mukulemba lipoti, ndipo funsani ofesi ya Corps ya dera lanu mmene ikuwatanthauzira.

Mukhoza kupempha Corps chigamulo cha mitundu iwiri. Chigamulo chotsimikizika chimanena motsindika madzi amene ali pansi pa lamulo, chimagwira ntchito zaka 5, ndipo mwini malo akhoza kuchitsutsa, koma chimatenga nthawi. Chigamulo chongoyembekezera chimangotenga madzi onse a pamalopo ngati otetezedwa kuti pempho la chilolezo liyende msanga, ndipo sichitsutsidwa. Ngati zowonongeka zidzakhala zochepa, chachiwirichi nthawi zambiri chimapulumutsa miyezi. Musauze mwini malo kuti ali pa ufulu chifukwa chakuti Corps yanena kuti dambo silili m'manja mwake, popeza zigawo zambiri zili ndi malamulo awoawo. California imateteza madzi ake pansi pa lamulo la Porter-Cologne, ku Massachusetts makomiti a m'matauni amayang'anira ngakhale ntchito zochitika mkati mwa mapazi 100 kuchokera pa dambo, ndipo Michigan ndi New Jersey zimayendetsa zokha mbali yaikulu ya zilolezo za gawo 404.

Kukonza pulani ndi kusankha chilolezo

Dongosolo limene lamulo limafuna ndi lakuti muyambe mwapewa kuwononga, kenako muchepetse zimene sizingapeweke, ndipo pomaliza mubwezere zotsalazo. Khalani pansi ndi mainjiniya, mapu a malire ali patebulo, muone ngati msewu ungadutse pamene dambo lapyapyala, ngati khoma lotchinjiriza dothi lingalowe m'malo mwa mtsetse wautali wothiridwa, ngati mlatho ungalowe m'malo mwa kalavati, kapena ngati paipi ingadutse poboola pansi pa mtsinje m'malo mokumba ngalande. Kalavati ikakhala yosapeweka, ikhale yotakata ndipo pansi pake pakwiririke pang'ono m'mchenga wa mtsinje kuti nsomba zizitha kukwera. Sungani mapulani onse amene munawakana, chifukwa ndiwo umboni wakuti munayesadi kupewa.

Ntchito zambiri zing'onozing'ono zimalowa m'zilolezo za dziko lonse zotchedwa Nationwide Permits, zomwe Corps imazikonzanso pakatha zaka 5. Nambala 14 ndi ya misewu, nambala 29 ndi ya nyumba zokhalamo, nambala 39 ndi ya nyumba zamalonda ndi za mabungwe, ndipo zambiri mwa izi sizilola kutaya madzi opitirira theka la ekala. Pamene pafunika chidziwitso ntchito isanayambe, Corps imakhala ndi masiku 45 kuchokera pamene yalandira pempho lokwanira, ndipo mawu akuti lokwanira ndi ofunika kuwasamala, chifukwa chithunzi chimodzi chosowa chikhoza kuchititsa kuti masikuwo asayambe n'komwe kuwerengedwa. Ofesi iliyonse ya dera imawonjezeranso mfundo zakezake. Ntchito ikapitirira muyezo wa theka la ekala uja, pamafunika chilolezo chapadera, chomwe chimalengezedwa kwa anthu kuti apereke maganizo kwa masiku 15 mpaka 30, ndipo wopempha ayenera kusonyeza kuti palibe njira ina yotheka imene ingawononge mocheperapo. Ngati ntchitoyo sifunikira kukhala pamadzi, monga sitolo kapena nyumba, lamulo limayamba ndi kuganiza kuti malo ena ouma alipo, ndipo udindo wotsutsa ganizoli uli pa wopempha. Musagawe ntchito imodzi m'zidutswa n'cholinga choti chilichonse chikhale pansi pa theka la ekala, chifukwa zimenezi n'zoletsedwa ndipo zimadziwika msanga.

Chimene chimachedwetsa ntchito kawirikawiri si dambo lenilenilo koma malamulo ena amene chilolezocho chimadzutsa. Gawo 401 limapatsa chigawo mphamvu yotsimikizira kuti ntchitoyo siwononga ubwino wa madzi, ndipo chigawo chikhoza kutenga mpaka chaka chimodzi. Lamulo la Endangered Species Act la mu 1973 limafuna kuti mufufuze zamoyo zimene zili pangozi yakutha, ndipo kufufuza kwina kumatheka m'miyezi yowerengeka yokha, pomwe m'madera a mileme yotetezedwa monga Indiana bat kudula mitengo kumaloledwa makamaka m'nyengo yozizira. Gawo 106 la lamulo la National Historic Preservation Act la mu 1966 limafuna kuona ngati pali manda, midzi yakale kapena malo ofunika kwa mitundu ya anthu oyamba kukhala m'dzikolo. Nkhani ziwiri zomalizazi zikakhala zisanathe, masiku 45 aja sakupatsani ufulu woyamba ntchito. Ziyambeni sabata yomwe mwayamba kuyeza malire.

Kubwezera ndi kuyang'anira

Pansi pa zilolezo za dziko lonse, kutaya dambo lopitirira ekala 0.1 kawirikawiri kumafuna kubwezera. Malamulo a mu 2008 a Corps ndi EPA anaika njira zitatu motsatana. Yoyamba ndi kugula makirediti, omwe ndi miyezo yoimira dambo lokonzedwa, ku malo amene wina anakonza kale dambo lalikulu n'kuvomerezedwa, yachiwiri ndi kulipira ku thumba lovomerezeka limene lidzagwire ntchito yokonzanso madambo, ndipo yachitatu ndi yakuti wopempha akonze yekha. Dongosololi linabwera chifukwa madambo ambiri ang'onoang'ono okonzedwa ndi omanga ankalephera, ena n'kusanduka maiwe akuya opanda zomera, ena n'kuuma. Funsani msanga ngati makirediti a mtundu woyenera alipo m'dera la mtsinje womwewo, popeza mtengo wake umasiyana kwambiri malo ndi malo ndipo ukhoza kusintha pulani yonse. Mwini malo akasankha kukonza yekha, mufotokozereni kuti adzayang'anira malowo zaka zosachepera 5, ndi kupitirira apo ngati ndi dambo la mitengo, ndipo kubwezeretsa madzi pa dambo lakale limene linaumitsidwa kumatheka mosavuta kuposa kukumba dambo latsopano pamtunda.

Chilolezo chikatuluka, konzani msonkhano ndi kontrakitala makina asanafike, muwerenge naye mfundo zonse za chilolezo, chifukwa woyendetsa makina sanaonepo lipoti lanu ndipo nsalu zimene munamanga miyezi yapitayo zikhoza kukhala zitagwa. Ikani mpanda wowala m'malire a malo osayenera kukhudzidwa, onetsetsani kuti zotchinga matope zaikidwa bwino ndipo zikuyenderedwa mvula ikagwa, ndipo pamene makina ayenera kudutsa m'dambo kwa kanthawi, adutse pa matabwa oyalidwa, dothi la pamwamba lisungidwe palokha kuti lidzabwezeredwe pamwamba pomwepo. Pulani ikasintha mkati mwa ntchito ndipo kusinthako kukukhudza madzi, imitsani mbali imeneyo mpaka Corps itavomereza. Ntchito ikatha, jambulani zithunzi pamalo omwe munajambula poyamba, yezani malo enieni amene akhudzidwa muwayerekeze ndi amene analoledwa, ndipo mwini chilolezo asayine kalata yotsimikizira kuti mfundo zonse zatsatidwa n'kuitumiza ku ofesi ya Corps imene inapereka chilolezocho.